Spinoza: Mafunso Ake pa Mabuku a Mose ndi Masiku Opatulika

Mutu womaliza wa Deuteronomo uli ndi mavesi 12 okha. Umasimba kuti Mose anakwera phiri la Nebo, anaona dziko la Kanani ali patali, anamwalira ali ndi zaka 120 ndipo anaikidwa m'chigwa cha ku Mowabu. Wosimbayo amawonjezera kuti manda ake anali asanadziwike kufikira nthawi imene iye ankalemba, ndiponso kuti chimwalirire Mose, mu Israeli simunaukenso mneneri wofanana naye. Mwana aliyense wa Sande sukulu amene anaphunzitsidwa kuti mabuku asanu oyamba a m'Baibulo analemba ndi Mose akhoza kukweza dzanja pamenepa. Munthu angalembe bwanji za maliro ake? Nanga angadziwe bwanji za aneneri amene anabwera iye atapita kale?

Funsoli si la dzulo. Aphunzitsi akale a Chiyuda analiona, ndipo m'buku la ziphunzitso zawo, Talmud, m'chigawo chotchedwa Bava Batra, muli mayankho awiri. Wina akuti mavesi 8 omaliza analemba ndi Yoswa. Wina akuti ayi, Mose analemba yekha, Mulungu akumuuza mawu, iye misozi ili chuchuchu. M'zaka za m'ma 1100, Abraham ibn Ezra, katswiri wa Chiheberi wobadwira ku Spain, anapeza malo ena angapo ovuta chimodzimodzi. Koma iye ankangowaloza mophiphiritsa, n'kunena kuti pali chinsinsi, wozindikira asunge pakamwa. Panapita zaka zoposa 500 chinsinsicho chikungonong'onezedwa, mpaka kunabwera munthu amene anachiyala poyera, tsamba ndi tsamba, mopanda kubisa mawu. Dzina lake anali Baruch Spinoza.

Spinoza anabadwa pa 24 November 1632 ku Amsterdam, m'banja la Ayuda ochokera ku Portugal. Mbiri ya banjali ndi yofunika kuti timvetse zonse zimene zinatsatira. Mu 1492 dziko la Spain linathamangitsa Ayuda okana kubatizidwa, ndipo mu 1497 mfumu ya Portugal inabatiza mokakamiza Ayuda a m'dziko lake. Ambiri anakhala Akhristu pamaso pa anthu koma Ayuda kuchipinda. Zidzukulu zawo zitapeza mpata zinathawira ku Amsterdam, kumene zinamanga sunagoge ndi kuyamba kuphunziranso chipembedzo cha makolo. Anthu oterewa anali atalipira mtengo waukulu chifukwa cha Chilamulo cha Mose, ndipo ankakhala m'dziko la eni, mololedwa chabe. Sankafuna kumva mwana wawo akuchipeputsa.

Bambo ake a Spinoza, Michael, anali wamalonda woitanitsa zipatso zouma ndi mafuta, ndipo atamwalira mu 1654 mnyamatayo anayendetsa bizinesiyo ndi mng'ono wake Gabriel. Chiheberi anachiphunzira kusukulu ya mpingo, Chilatini anakachiphunzira kwa Franciscus van den Enden, amene kale anali m'chipani cha Ajezuiti. Pa 27 July 1656, ali ndi zaka 23, akuluakulu a mpingo wa Talmud Torah anamudula. Kalata yomudulayo ilipobe, yolembedwa m'Chipwitikizi, ndipo ndi yaukali kuposa ina iliyonse imene mpingowo unatulutsa. Inamutemberera usana ndi usiku, inaletsa aliyense kulankhula naye, kumulembera, kukhala naye pansi pa denga limodzi, kumuyandikira mikono inayi kapena kuwerenga chilichonse cholembedwa ndi iye. Chodabwitsa n'chakuti sitchula mwatchutchutchu zimene anaphunzitsa. Patapita zaka zitatu, wansembe wina wa Chikatolika, Tomás Solano y Robles, amene anakumana naye ku Amsterdam, anauza bwalo la Chikatolika lozenga milandu ya chikhulupiriro, la Inquisition, ku Madrid kuti Spinoza ndi mnzake Juan de Prado anachotsedwa chifukwa ankati Chilamulo si choona ndipo mzimu umafera limodzi ndi thupi.

Spinoza sanalowe mpingo wina. Anakhala ku Rijnsburg, kenaka ku Voorburg, pomaliza ku The Hague, akudzidyetsa ndi ntchito yopala ndi kusalaza magalasi a zida zoonera zinthu zakutali ndi zazing'ono, kuphatikizapo thandizo la anzake. Mu 1670 kunatuluka buku la Chilatini la mitu 20, lotchedwa Tractatus Theologico-Politicus. Pachikuto panalibe dzina la wolemba, ndipo panalembedwa kuti lasindikizidwa ku Hamburg, pamene zoona zake linatuluka ku Amsterdam kwa Jan Rieuwertsz. Kubisalaku kunali ndi chifukwa. Mnzake Adriaan Koerbagh anali atalemba maganizo ofanana nawo m'Chidatchi, chilankhulo cha munthu wamba, ndipo mu 1668 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka khumi. Anafera momwemo chaka chotsatira. N'chifukwa chake mu 1671 Spinoza atamva kuti wina akumasulira buku lake m'Chidatchi, analembera mnzake Jarig Jelles kuti achite chotheka kuti lisasindikizidwe.

Mtima wa bukuli ndi njira yowerengera. Spinoza ankati Malemba tiziwafufuza monga tifufuzira chilengedwe: tisonkhanitse kaye zimene zilipo, tisanayambe kugamula. Wowerenga adziwe Chiheberi. Asonkhanitse zonse zimene buku likunena pa nkhani imodzi, ngakhale zikutsutsana. Afunse kuti analemba ndani, liti, polembera yani, ndipo bukulo linadutsa m'manja mwa ndani lisanatifike. Koposa zonse, asasokoneze mafunso awiri: lakuti ndime ikutanthauza chiyani, ndi lakuti zimene ikunenazo ndi zoona kapena ayi. Pamenepa anatsutsana ndi Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda, amene ankati ndime ikaoneka yosemphana ndi nzeru tiyenera kuimasulira mophiphiritsa kufikira itagwirizana nazo. Kwa Spinoza kumeneko kunali kulowetsa mawu ako m'kamwa mwa mneneri. Ngati buku la Yoswa likuti dzuwa linaima, ndiye kuti wolembayo ankakhulupirira kuti dzuwa limayenda mozungulira dziko. Yoswa anali msilikali, osati katswiri wa nyenyezi, ndipo palibe chifukwa chomuvekera maphunziro amene analibe.

Ndi njira imeneyi anabwerera ku malo aja amene Ibn Ezra ankangowaloza. Deuteronomo amayamba ndi kunena kuti Mose analankhula ali tsidya lina la Yordano. Amene angatchule malowo kuti tsidya lina ndi munthu wokhala mkati mwa Kanani, kumene Mose sanapondeko. Genesis 12 akusimba za ulendo wa Abrahamu n'kukumbutsa owerenga kuti nthawi imeneyo m'dzikomo munali Akanani, mawu omveka pokhapokha ngati wolemba akukhala m'nthawi imene Akananiwo kulibenso. Deuteronomo 3 akunena za bedi lachitsulo la Ogi, mfumu ya Basana, ngati chinthu chakale chimene anthu akhoza kukachiona ku Raba, pamene Ogiyo wangogonjetsedwa kumene m'masiku a Mose. Spinoza anawonjezapo zake. Mu Genesis 14 Abrahamu akuthamangitsa adani mpaka ku Dani, koma buku la Oweruza, mutu 18, limati mzindawo unkatchedwa Laisi ndipo unalandira dzina la Dani Yoswa atamwalira kale. Genesis 36 akutchula mafumu a Edomu amene analamulira Israeli asanakhale ndi mfumu, kusonyeza kuti wolembayo akudziwa kuti Israeli anadzakhala ndi mafumu. Eksodo 16 akuti anthu anadya mana zaka 40 mpaka kufika m'malire a Kanani. Ndipo Numeri 12 akutamanda Mose kuti anali wofatsa kuposa anthu onse, mawu amene ndi ovuta kuwamva akutuluka m'cholembera cha munthu wofatsayo.

Umboni umodzi paokha munthu akhoza kuuzemba. Mphamvu ya Spinoza inali kuunjika. Mapeto ake anali akuti Mose analembadi zinthu zina, zimene Malemba enieniwo amazitchula, monga buku la chipangano, koma mabuku asanu amene tili nawowa analembedwa ndi munthu wina patapita zaka mazana ambiri. Anaonanso kuti kuyambira Genesis mpaka 2 Mafumu ndi nkhani imodzi yolumikizana, yothera pa kugwa kwa Yerusalemu ndi ukapolo wa ku Babulo, choncho wolumikizayo anakhala ndi moyo zimenezo zitachitika. Anaganizira Ezara, ngakhale anavomera kuti kumeneko kunali kungoganizira. Anati wosonkhanitsayo anatola nkhani m'mabuku akale osiyanasiyana koma sanamalize kuzisalaza, n'chifukwa chake nkhani zina zimabwerezedwa ndipo zaka zina sizigwirizana. Zili ngati chofunda chosokedwa ndi zigamba za nsalu zosiyana: chimafunditsa ndithu, koma woyang'anitsitsa amaona msoko.

Sanali woyamba m'nthawi yake. Thomas Hobbes mu 1651 ndi Isaac La Peyrère mu 1655 anali atakayika kale zoti Mose analemba zonse. Chimene Spinoza anawaposa nacho n'chakuti Chiheberi anakula nacho, ndipo anachita kukhazikitsa njira yoti wina aliyense angaitsate.

Msoko umodzi umatifikitsa pa nkhani ya masiku opatulika. Malamulo Khumi analembedwa kawiri, mu Eksodo 20 ndi mu Deuteronomo 5, ndipo Spinoza anaona kuti lamulo la Sabata silifanana m'malo awiriwa. Mu Eksodo chifukwa chopumira n'chakuti Mulungu analenga zonse masiku asanu ndi limodzi n'kupuma lachisanu ndi chiwiri. Mu Deuteronomo lamulolo ndi lotalikirapo ndipo chifukwa chake ndi china: wantchito apume monga mbuye wake, pakuti Aisraeli nawonso anali akapolo ku Igupto. Kwa Spinoza umenewu unali umboni wakuti dzanja lina linalongosolanso lamulolo kwa anthu a m'badwo wina.

Nanga Sabata, Paska, chikondwerero cha Misasa ndi nsembe zonse zija zinali za chiyani? Yankho lake, m'mutu 5 wa bukuli, ndi limene linawawa kwambiri. Anati Mose anatulutsa ku Igupto anthu ozolowera ukapolo, osadziwa kudzilamulira, ndipo anafunika kuwamanga kukhala dziko. Choncho anawapatsa malamulo okhudza chilichonse: kulima, kukolola, kudya, kuvala, kumeta, ngakhale kusangalala, kuti tsiku lililonse azikumbukira kuti ali pansi pa lamulo. Mphotho yolonjezedwa pa kusunga miyamboyi, anatero, ndi mvula, zokolola, mtendere ndi kupambana pa nkhondo, zinthu za dziko ndi za thupi. Miyamboyi inali malamulo a boma la Aheberi. Boma litagwa, malamulo ake anatha mphamvu.

Tisaganize kuti ankaziona ngati zopusa. M'mutu 17 amayamikira nzeru yake momveka. Katatu pachaka anthu ankasonkhana kudya ndi kukondwera pamaso pa Mulungu, tsiku limodzi pa sabata aliyense ankapuma, ndipo pa chaka choliza lipenga munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi unkabwerera kwa mwini wake. Spinoza ankaona kuti palibe chimene chimagwira mtima wa munthu ngati chimwemwe chochokera m'kupembedza, ndipo anthu otere sangafune kupandukira dziko lawo. Koma kuyamikira kwake kunali kwa munthu woona mmene boma linamangidwira bwino. Kupatulika kwa tsikulo pa lokha sankakuvomera.

Akhristu nawo sanawasiye. Ubatizo, Mgonero wa Ambuye, zikondwerero ndi mapemphero apagulu anaziika m'gulu lomwelo: zizindikiro zakunja zosunga mpingo pamodzi, zopanda kupatulika mwa izo zokha. Anafika ponena kuti sanakhutire ngati Khristu kapena atumwi ndi amene anazikhazikitsa. Chitsanzo chimene anapereka chinali chochititsa manyazi anthu a kwawo. Ku Japan Chikhristu chinali choletsedwa, ndipo amalonda a Chidatchi, amene kuyambira 1641 ankakhala pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki, analamulidwa ndi kampani yawo ya Dutch East India Company kuti asachite mwambo uliwonse wachipembedzo poyera. Ngati Mdatchi angakhale kumeneko wopanda tchalitchi ndi Mgonero koma n'kukhalabe munthu wolungama, ndiye kuti chipulumutso sichili m'miyamboyo. Pa za kuuka kwa akufa, kumene ndi phata la Pasaka wa Akhristu, m'bukumo anayenda mosamala, koma m'makalata ake kwa Henry Oldenburg, mlembi wa Royal Society ku London, ananena poyera kuti kuzunzidwa, imfa ndi kuikidwa m'manda kwa Yesu amazitenga monga zinalembedwera, koma kuuka amakumva mophiphiritsa.

Chotsala n'chiyani tsono? Spinoza ankakana kuti wawononga Mawu a Mulungu. Ankati chinthu chimakhala chopatulika pamene chikutsogolera anthu ku moyo wopembedza, ndipo chikasiya kutero kupatulikako kwatha. Anakumbutsa kuti Beteli, amene Yakobo anamutcha nyumba ya Mulungu, aneneri anadzamutcha nyumba ya zoipa anthu atayamba kupembedzerapo mafano. Pepala ndi inki zikhoza kulakwika pokopera, koma uthenga umene aneneri onse ndi atumwi amagwirizanapo, wakuti munthu amvere Mulungu pochita chilungamo ndi kukonda mnzake, unafika wosawonongeka. Amene akuchita zimenezi ndi wokhulupirira, kaya maganizo ake pa za Mose ndi otani. Apa m'pamene pankaloza bukulo lonse: boma liweruze zochita za anthu, maganizo liwasiye, ndipo abusa asagwiritse ntchito lupanga la boma pothetsa mikangano ya Malemba. Johannes Colerus, m'busa wa Lutheran amene analemba mbiri ya moyo wake, akusimba kuti mayi wa m'nyumba imene Spinoza ankachita lendi atamufunsa ngati angapulumuke m'chipembedzo chawo, iye anawayankha kuti chipembedzo chawo n'chabwino, asafunefune china, bola akhale moyo wamtendere ndi wopembedza.

Abusa sanaone mtendere uliwonse m'bukulo. Mabwalo ndi masinodi a mpingo wa Reformed analidzudzula chaka chomwecho cha 1670. Owerenga a ku Malawi akhoza kuuzindikira mpingo umenewu, chifukwa ndi kholo la Dutch Reformed Church ya ku Cape imene inatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, chiyambi cha Sinodi ya Nkhoma. Johan de Witt, mtsogoleri wa boma lololera maganizo osiyana, ataphedwa ndi chigulu cha anthu mu August 1672, mphepo inatembenuka, ndipo mu 1674 bwalo la Holland linaletsa bukuli pamodzi ndi Leviathan ya Hobbes. Spinoza anamwalira ndi matenda a m'mapapo pa 21 February 1677, ali ndi zaka 44. Chaka chotsatira bukuli linatuluka m'Chifalansa lobisika ndi mitu yabodza itatu, umodzi wake wonamizira kuti ndi buku lofotokoza miyambo ya Ayuda.

Pa nkhani ya olemba, nthawi yamuchitira umboni. Richard Simon, wansembe wa Chikatolika, mu 1678, Jean Astruc mu 1753 ndi Julius Wellhausen mu 1878 anapitiriza kufufuza misoko ija, ndipo lero m'mayunivesite ambiri ndi m'masukulu ambiri a zaubusa amaphunzitsa kuti mabuku asanuwa anasonkhanitsidwa kuchokera ku zolembedwa za nthawi zosiyana. Amakanganabe za kuchuluka kwa zigawozo ndi zaka zake, ndipo Ayuda a Orthodox ndi mipingo ina yambiri akugwirabe zoti analemba ndi Mose. Koma amene akufuna kutsutsa Spinoza ayenera kuyankha za Dani, za mafumu a Edomu ndi za bedi la Ogi. Kumutemberera sikufafaniza mavesiwo. Ndipo ndimaona kuti munthu amene anawerenga mosamala chonchi analipatsa Baibulo ulemu woposa wa ena amene ankaliteteza asanaliwerenge bwino.

Pa nkhani ya masiku opatulika, ndikuganiza kuti anaona theka lokha. Akanakhala kuti Sabata ndi Paska zinali malamulo a boma basi, zikanafa pamene Aroma anagwetsa Kachisi m'chaka cha 70. Sizinafe. Zinasamukira m'nyumba. Paska, amene kale ankafuna Kachisi ndi mwanawankhosa wansembe, anasanduka chakudya cha banja, pamene mwana wamng'ono amafunsa mafunso ndipo akulu amamusimbira za kutuluka mu Igupto. Masiku ena anabadwa chifukwa cha kugwa kwa boma komweko, monga kusala kudya kwa tsiku la 9 la mwezi wa Av, kolira kuwonongedwa kwa Kachisi. Spinoza ankadziwa kuti pali funso pamenepa, ndipo yankho lake linali lakuti Ayuda asungidwa ndi mdulidwe ndi chidani cha mitundu ina, ndiponso kuti Afarisi anaumirira miyamboyi pofuna kutsutsana ndi Akhristu kuposa kukondweretsa Mulungu. Mawu amenewa ndi ouma mtima, ndipo anawalemba m'Chilatini kwa owerenga Achikhristu amene ambiri anali okonzeka kale kumva zoipa za Ayuda. Hermann Cohen, wafilosofi wa Chiyuda wa ku Germany, anadzamudzudzula kwambiri pa chifukwa chimenechi, ndipo pamenepa ndili kumbali ya Cohen.

Umboni womutsutsa unali m'mbiri ya banja lake lomwe. Akuluakulu a Inquisition ankawerenga m'matchalitchi zizindikiro zogwirira Myuda wobisala, kuti anansi akaneneze: kuvala malaya ochapa ndi kuyala nsalu zoyera Lachisanu madzulo, kuyatsa nyale dzuwa lisanalowe, kusagwira ntchito Loweruka, kusala kudya pa Tsiku la Chitetezo, kudya mkate wopanda chofufumitsa pa nyengo ya Paska. Anthuwa analibe mfumu, sunagoge, mphunzitsi kapena buku la Chiheberi. Panalibe boma lowalamula kusunga tsiku, koma panali boma lowaotcha akapezeka akulisunga. Chidani chimafotokoza chifukwa chimene ankabisalira, koma sichifotokoza chifukwa chimene mayi ankayatsirabe nyaleyo, podziwa kuti kungoisiya kukanamupulumutsa iye ndi ana ake. Chimene chinkamugwira chinali kukumbukira kuti iye ndi wa ndani, ndipo tsiku lopatulika ndi limene linkanyamula chikumbukirocho chaka ndi chaka pamene mabuku analandidwa.

Mu 1917, Samuel Schwarz, injiniya wa migodi wa Chiyuda wochokera ku Poland, akugwira ntchito kumapiri a kum'mawa kwa Portugal, anapeza m'tauni ya Belmonte mabanja amene ankabatizidwa ndi kukwatira m'tchalitchi cha Katolika koma akusungabe Chiyuda mobisa, patatha zaka 420 chibatizidwire makolo awo mokakamiza. Chiheberi chinali chitatayika pafupifupi chonse, mapemphero ankawanena m'Chipwitikizi, ndipo owasunga pamtima ndi kuwaphunzitsa anali amayi achikulire. Mdulidwe, umene Spinoza ankati paokha ungasunge mtunduwo, anali atausiya kalekale chifukwa ukanawaulula. Zimene anatsala nazo zinali nyale ya Lachisanu madzulo yoyatsidwa pobisika, kusala kudya kwa Tsiku la Chitetezo, ndi mkate wa Paska umene ankauphika mochedwerapo masiku pang'ono kuti anansi asawazindikire.